Sajeni Alvin York: Msilikali, Mwini Sitolo ndi Womanga Sukulu

Mawu oyamba

Kabuku kano kakufotokoza mbiri ya munthu wa ku America, dzina lake Alvin York. Adabadwa mu 1887 ndipo adamwalira mu 1964. Anthu a kwawo amamudziwa ngati msilikali wolimba mtima wa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Koma usilikali wakewo sudakwane ndi zaka ziwiri zomwe. Zaka 45 zotsatira adakhala kumudzi kwawo. Kumeneko ankalima, adali ndi sitolo ndi chigayo, ndipo adamangira ana sukulu.

Mbiriyi ili m'magawo aafupi. Werengani gawo limodzi, mukambirane ndi anzanu, kenaka mupitirire.

Gawo 1: Mwana wa m'chigwa

Alvin adabadwa pa 13 Disembala 1887 m'mudzi wa Pall Mall. Mudziwu uli m'boma la Fentress, m'chigawo cha Tennessee, kufupi ndi malire a chigawo cha Kentucky. Ndi dera la mapiri ndi nkhalango. M'chigwa chake mumadutsa mtsinje wa Wolf.

Bambo ake adali a William York, mayi ake a Mary. M'banjamo mudabadwa ana 11, ndipo Alvin adali wachitatu. Onsewa ankakhala m'nyumba ya mitengo ya zipinda ziwiri. A William ankalima komanso ankasula zitsulo. Nyama ya ndiwo ankaipeza posaka m'nkhalango.

Alvin adaphunzira kugwira mfuti akadali mwana. Amuna a m'deralo ankachita mipikisano yowombera, ndipo wopambana ankapita kwawo ndi nkhukundembo kapena nyama ya ng'ombe. Alvin adatchuka pa mipikisano imeneyi chifukwa sankaphonya wamba.

Kusukulu kokha ndiye sadapite patali. Masiku onse amene adakhala m'kalasi, kuwaphatikiza pamodzi, adangokwana miyezi 9. Pakhomo pankafunika manja ogwira ntchito.

Gawo 2: Mowa, ndewu ndi kutembenuka

Mu 1911 a William adamwalira. Akulu ake awiri a Alvin adali atakwatira kale n'kuchoka pakhomo. Udindo wosamala mayi ndi ana aang'ono udagwera iye. Adakagwira ntchito yomanga njanji ku Harriman. Adagwirakonso ntchito yodula mitengo.

Ntchito ankaigwira molimbika, koma adalowerera ndi mowa. M'malire a Tennessee ndi Kentucky mudali malo ogulitsa mowa mobisa. Alvin ankamwa kumeneko, kutchova juga ndi kuchita ndewu. Mayi ake sadatope kumudandaulira kuti asinthe.

Pa 1 Januwale 1915, pa msonkhano wa chitsitsimutso, Alvin adatembenuka mtima. Adasiyiratu mowa ndi juga. Adalowa mpingo wa Church of Christ in Christian Union, umene unkaletsa mowa, juga ndi ndewu. Posakhalitsa adakhala mkulu wa mpingo ndiponso wotsogolera nyimbo. Abusa ake adali a Rosier Pile, amene adalinso ndi sitolo m'mudzimo.

Gawo 3: Boma liitana

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idayamba ku Ulaya mu 1914. Nkhondo yomweyi idafika ndi kuno kwathu. Mu Sepitembala 1914 asilikali a Angerezi ndi a Ajeremani adamenyana ku Karonga. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland adatengedwa, ena ngati asilikali, ena ngati amtengatenga.

Dziko la America lidalowa nkhondoyi mu Epulo 1917. Boma lidalamula kuti pa 5 Juni amuna onse a zaka 21 mpaka 30 akalembetse mayina. Alvin adali ndi zaka 29. Pa chikalata chake adalembapo kuti sakufuna kumenya nkhondo. Iye ankakhulupirira kuti Mulungu adaletsa kupha munthu, ndipo lamulo limenelo silisintha chifukwa cha nkhondo.

Abusa a Pile adamuthandiza kupempha boma kuti limukhululukire. Boma lidakana. Lidati mpingo wawo ulibe chiphunzitso cholembedwa choletsa anthu ake kupita kunkhondo. Mu Novembala 1917 Alvin adatsanzika mayi ake, ulendo wa ku Camp Gordon m'chigawo cha Georgia, kumene ankaphunzitsa asilikali.

Gawo 4: Usilikali ndi Baibulo

Ku Camp Gordon, akuluakulu adaona msanga kuti munthuyu ndi katswiri pa mfuti. Adaonanso kuti mtima wake suli m'malo. Alvin sadabise. Adawauza kuti amvera malamulo onse, koma sakudziwa ngati angawombere munthu.

Kaputeni Edward Danforth ndi Meja Edward Buxton sadamulange. Adakhala naye pansi, Baibulo lili m'manja. Iye ankatchula mawu oletsa kupha. Iwo ankatchula mawu onena za udindo woteteza anthu. Pomaliza adamupatsa tchuthi cha masiku 10 kuti akaganize bwino kwawo.

Alvin adapita ku Pall Mall. Adakwera phiri n'kukapemphera yekha. Pobwerera kukampu adali atatsimikiza mtima kuti apita kunkhondo. Mu Meyi 1918 gulu lake lidafika ku France.

Gawo 5: Tsiku la 8 Okutobala 1918

Pofika mwezi wa Okutobala, Alvin adali atakwezedwa kukhala kopolo. Gulu lake lidali m'nkhalango ya Argonne, pafupi ndi mudzi wa Chatel-Chéhéry. M'mawa wa pa 8 Okutobala adalamulidwa kukalanda njanji imene Ajeremani ankanyamulira chakudya ndi zipolopolo. Atangolowa m'chigwa, mfuti zachiwaya zidayamba kulira kuchokera m'mapiri. Asilikali ambiri adagwa. Otsala adagona pansi, osatha kusuntha.

Asilikali 17, motsogozedwa ndi Sajeni Bernard Early, adatumidwa kuti azembere kuseri kwa adani. Adadzera m'tchire mpaka adatulukira gulu la Ajeremani modzidzimutsa. Ajeremaniwo adakweza manja. Koma anzawo amene adali pamwamba pa phiri adaona zimenezi, ndipo adatembenuza mfuti zawo. Pa kanthawi kochepa Aamerika 6 adafa. Ena atatu adavulala, kuphatikizapo Sajeni Early. Mwa otsala, wamkulu pa udindo adali Alvin.

Anzake 7 adagwira ntchito yolondera akaidi ndi kudziteteza. Alvin adalimbana ndi mfuti za paphiri zija. Mdani akangodzutsa mutu, iye ankawombera. Ankafuulanso kuti agonje, chifukwa sankafuna kupha anthu ambiri. Ajeremani angapo adamuthamangira ndi mipeni yomangirira kumfuti, iye n'kuwawombera ndi mfuti yaing'ono ya m'manja.

Mkulu wa Ajeremaniwo, Paul Vollmer, ankadziwa Chingerezi. Ataona kuti anthu ake akutha, adapempha kuti kuwombera kuleke, ndipo adagonja. Pobwerera, Alvin ndi anzake adagwiranso adani ena m'njira. Atawawerenga onse, akaidi adakwana 132.

Gawo 6: Sadali yekha

Pambuyo pake nyuzipepala zina zidalemba ngati kuti Alvin adachita zonsezi yekha. Sizidali choncho. Pamalopo padafa anzake 6. Ena adavulala. Ena adalondera akaidi zipolopolo zikudutsa pamutu pawo. Ena mwa opulumukawo adadandaula kwa zaka zambiri kuti adaiwalidwa. Sajeni Early adadzalandira mendulo yake mu 1929, patapita zaka 11.

Nkhondo idatha pa 11 Novembala 1918. Apa n'kuti patangopita mwezi umodzi ndi masiku ochepa chichitikire zija za ku Argonne.

Gawo 7: Ulemu ndi ndalama zimene adakana

Alvin adakwezedwa kukhala sajeni. Adalandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa zonse za asilikali a ku America. Mkulu wa asilikali wa ku France, Ferdinand Foch, adamuvekanso mendulo ya dziko lawo.

Mu Epulo 1919 mtolankhani George Pattullo adalemba nkhani yake m'magazini ya Saturday Evening Post. Dziko lonse la America lidamva za munthu wa kumapiri uja. Atafika ku New York mu Meyi, khamu la anthu lidamuchingamira. Ku Washington aphungu a nyumba ya malamulo adaimirira n'kumuwombera m'manja.

Kenaka adabwera amalonda. Ena ankafuna kuti dzina lake likhale pa katundu wawo. Ena ankafuna kuti azionekera m'zisudzo ndi m'mafilimu. Adamulonjeza ndalama zochuluka zedi. Alvin adali mmphawi, koma adakana zonse. Kwa iye, kudyerera imfa za anthu kudali kulakwa. Adangopempha kuti apite kwawo. Paja kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Gawo 8: Ukwati ndi munda wa ngongole

Pa 7 Juni 1919 Alvin adakwatira Gracie Williams, mtsikana wa m'mudzi womwewo. Adamangitsa ukwatiwo ndi bwanamkubwa wa Tennessee, a Albert Roberts. Banja la a York lidadzakhala ndi ana 10, koma ena adamwalira ali aang'ono. Mwana wawo wina wamwamuna adamutcha dzina la Meja Buxton, amene adakhala nawo pansi ku Camp Gordon.

Mphatso imodzi yokha ndiyo a York adailandira. Bungwe la Rotary Club la ku Nashville lidapempha anthu kuti asonkhe ndalama zowagulira munda wa maekala 400 m'chigwa cha kwawo. Munda udapezeka, koma zosonkha zija sizidakwane. Pamalopo padalibe nyumba, ziweto kapena zipangizo zolimira. A York adakongola ndalama kuti ayambe ulimi. Nthawi yomweyo mitengo ya zokolola idatsika, popeza nkhondo idali itatha.

Munthu wa mamendulo uja adatsala pang'ono kulandidwa munda. Nyuzipepala zitalemba za vutoli, anthu adasonkhanso, ndipo ngongole ya malowo idatha kumapeto kwa 1921. Chaka chotsatira banjali lidalowa m'nyumba yake yatsopano.

Gawo 9: Sitolo ndi chigayo

Kale kufika ku Pall Mall kudali kovuta, chifukwa misewu idali yamatope. A York adakakamiza boma kuti limange msewu wabwino wodutsa m'deralo. Msewuwo udamangidwa, ndipo mpaka lero umadziwika ndi dzina lawo.

M'mbali mwa msewu, pafupi ndi nyumba yawo, a York adatsegula sitolo. Masitolo a kumidzi ya ku America masiku amenewo ankagulitsa pafupifupi chilichonse: mchere, shuga, khofi, nsalu, nsapato, misomali ndi parafini. Wopanda ndalama ankabwera ndi mazira kapena nkhuku n'kusinthanitsa ndi katundu. Ena ankatenga pangongole, kudzabweza akakolola. Pasitolo ndi pamene anthu ankakumana, kumva nkhani ndi kukambirana za mitengo ya mbewu.

Ntchito yotere imafuna cholembera. Mwini sitolo ayenera kulemba amene watenga katundu, tsiku limene watenga ndi ndalama zake. Ayenera kuwerengera zimene wapikula ndi zimene wagulitsa, kuti adziwe ngati mpamba ukukula kapena ukudyeka. A York adali munthu wopatsa kwambiri, ndipo ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwawo. Malonda sadawalemeretse.

M'zaka za m'ma 1940 adagulanso chigayo chakale cha m'mbali mwa mtsinje wa Wolf. Chigayochi chinkayenda ndi mphamvu ya madzi. Anthu a kumapiriko ankadalira buledi wa ufa wa chimanga monga momwe ife timadalirira nsima, choncho chigayo chidali chofunika pamudzi. Pa zigayo zotere ambiri sankalipira ndalama. Mwini chigayo ankangotapako gawo la chimanga chimene munthu wabwera nacho.

Alendo ochokera kutali ankaima pa Pall Mall kudzaona msilikali wotchuka uja. Ankapeza mlimi wa thupi lalikulu, wochezeka, ali pakati pa anthu a kwawo.

Gawo 10: Sukulu

Ulendo wa kunkhondo udawatsekula maso a York. Adakhala ndi anthu ophunzira. Adaona mizinda ya Paris ndi New York. Adazindikira kuti ana a kumapiri sakutsalira chifukwa chosowa nzeru, koma chifukwa chosowa sukulu. Iwo omwe ankamva kuperewera polemba ndi poyankhula pagulu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Dzina lija adakana kuligulitsa kwa amalonda, tsopano adaligwiritsa ntchito popempha thandizo la sukulu. Adayenda m'mizinda yambiri ya ku America, kuyankhula m'matchalitchi ndi m'maholo. Mu 1928 adalola kuti mbiri yawo ya kunkhondo isindikizidwe m'buku.

Ntchitoyi sidali yophweka. Padali mikangano ndi akuluakulu a boma la Fentress pa nkhani ya malo ndi ya ndalama. Komabe mu 1929 sukulu ya sekondale idatsegulidwa ku Jamestown, likulu la bomalo. Dzina lake ndi York Agricultural Institute. Ana ankaphunzira za m'kalasi pamodzi ndi za ulimi.

Chaka chomwecho chuma cha dziko la America chidagwa. Ndalama zimene boma lidalonjeza sizinkafika. A York adapereka munda wawo ngati chikole kubanki kuti mabasi onyamula ana asaime. Mu 1936 anthu otsutsana nawo adawachotsa pa udindo woyang'anira sukuluyo. Iwo sadanyanyale, adapitiriza kuithandiza ndi ndalama. Mu 1937 boma la chigawo cha Tennessee lidatenga sukuluyo n'kuyamba kuiyendetsa lokha.

M'zaka zovutazo a York adalowanso ntchito yolembedwa. Adayang'anira ntchito pa paki ya Cumberland Mountain, kufupi ndi tauni ya Crossville, mpaka 1940.

Gawo 11: Filimu ndi msonkho

Munthu wina wopanga mafilimu, Jesse Lasky, adakhala akuwapempha kwa zaka zambiri kuti apange filimu ya moyo wawo. A York ankakana. Mu 1940 adavomera. Nkhondo yachiwiri idali itayamba ku Ulaya, ndipo iwo ankakhulupirira kuti dziko lawo liyenera kukonzekera kulimbana ndi Hitler. Ankafunanso ndalama zomangira sukulu yophunzitsa Baibulo.

Filimuyo, yotchedwa Sergeant York, idatuluka mu 1941. Amene adasewera ngati a York adali Gary Cooper, ndipo adapata nayo mphotho ya Oscar. Anthu adaionera mwaunyinji kuposa mafilimu ena a chaka chimenecho. Koma si zonse za m'filimumo zimene zidachitikadi. Mwachitsanzo, imaonetsa kuti Alvin adatembenuka mtima mphenzi itamugwetsa panjira. Zimenezi adangowonjezera opanga filimu.

Dziko la America litalowa nkhondo yachiwiri, a York adapempha kuti abwerere ku usilikali. Adali ndi zaka 54 ndipo thupi silidali bwino, choncho adakanidwa kupita kukamenya. M'malo mwake ankayendera makampu a asilikali ndi kuthandiza kusonkhetsa ndalama. Adakhalanso m'komiti ya m'boma lawo yolemba anyamata opita kunkhondo. Munthu amene mu 1917 adapempha kuti asapite, tsopano ndiye ankamva madandaulo a anyamata ena.

Ndalama za filimu zidabweretsa mavuto atsopano. Sukulu ya Baibulo idamangidwa ku Pall Mall, koma sidakhalitse. Ofesi ya msonkho idati a York sadapereke msonkho wokwanira pa ndalama zimene adalandira. Nkhaniyi idatenga zaka zambiri, chiwongoladzanja chikukwera. Iwo adalibe pogwira, popeza ndalamazo zidali zitapita kale. Mu 1961 sipikala wa nyumba ya malamulo, a Sam Rayburn, ndi phungu wa ku Tennessee, a Joe Evins, adapempha anthu kuti asonkhe. Anthu adasonkha, ndipo mlandu wa msonkho udatha.

Gawo 12: Matenda ndi imfa

Mu 1954 a York adadwala matenda ofa ziwalo. Zaka 10 zomaliza za moyo wawo adakhala chigonere, ndipo maso nawo adafooka. Mayi Gracie adawadwazika m'nyumba yawo yomwe ija ya ku Pall Mall.

Adamwalira pa 2 Sepitembala 1964 pa chipatala cha asilikali opuma mumzinda wa Nashville. Adali ndi zaka 76. Ku maliro awo, mtsogoleri wa dziko, a Lyndon Johnson, adatumiza mkulu wa asilikali Matthew Ridgway kuti awaimirire. Adaikidwa m'manda a Wolf River, m'chigwa chimene adabadwira. Mayi Gracie adamwalira mu 1984 ndipo adaikidwa pamalo omwewo.

Gawo 13: Amawakumbukira bwanji?

Mumzinda wa New York muli msewu wotchedwa York Avenue. Ku Nashville, pabwalo la nyumba ya malamulo ya Tennessee, pali chipilala cha chithunzi chawo atagwira mfuti. Chipatala cha asilikali opuma cha ku Murfreesboro chili ndi dzina lawo. Mu 2000 nkhope yawo idaikidwa pa sitampa ya positi.

Ku Pall Mall, munda wawo tsopano ndi malo osungirako mbiri, oyang'aniridwa ndi boma la Tennessee. Alendo amaona nyumba yawo ndi chigayo chija. Nyumba yolandirira alendo adaimanga mofanana ndi sitolo yawo.

Zikumbutso zambiri zimaloza ku m'mawa umodzi wa mu 1918. Eni ake sankaona choncho. Atafunsidwa kuti akufuna adzakumbukiridwe ndi chiyani, sadatchule nkhondo. Adatchula ntchito yawo yotukula maphunziro ku Tennessee. Sukulu ya York Institute ikuphunzitsabe ana ku Jamestown, ndipo boma la chigawocho likuiyendetsabe.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani Alvin sadapite patali ndi sukulu?

2. N'chifukwa chiyani poyamba ankakana kupita kunkhondo? Nanga akuluakulu ake adachita naye bwanji?

3. A York adakana ndalama za amalonda mu 1919, koma adavomera za filimu mu 1940. Kodi chidasintha n'chiyani?

4. Tchulani zinthu zitatu zimene mwini sitolo ayenera kulemba m'buku lake.

5. A York adapereka munda wa banja ngati chikole chifukwa cha ana a eni. Inu mukuona kuti adachita bwino kapena adaika banja lawo pachiswe? Fotokozani.

Ntchito yolemba

M'midzi yathu yambiri mudali amuna amene adapita kunkhondo ndi gulu la King's African Rifles, lija lili ndi chipilala chachikumbutso ku Zomba. Funsani akuluakulu a kwanu za mmodzi mwa iwo. Lembani ziganizo zisanu zofotokoza kumene adapita, chaka chimene adabwerako, ndi ntchito imene adagwira atafika kumudzi. Mudzawerengere anzanu pa tsiku la phunziro lotsatira.